Sitima ya Pachitini

Iwe Mayamiko, ndinakumva. Usaone ngati makutu anga anatha ntchito chifukwa ndimakweza wailesi. Ndinakumva Lamulungu lija ukuuza anzako kuseri kwa tchalitchi kuti agogo ako mitu inazungulira, anayenda tsiku lathunthu kuchoka kuno ku Glasgow mpaka ku Southampton kukakwera sitima ya masiku awiri okha, chonsecho zisitima zikuluzikulu zimaima pompano pa Greenock. Unanena m'Chingerezi chako chomeza mawu chija, poganiza kuti nkhalamba siitola. Ndinatola zonse. Khala apa. Nawenso Tadala sendera kuno, pakuti iwe ndi amene unayatsa moto wonsewu. Agogo anu aakazi agonako pang'ono m'chipindamo, lero linali tsiku lawo la makina osefa magazi, ndiye tiziyankhula motsitsa. Akadzuka ayamba kundikonza, nkhani yonse n'kukhala yawo.

Ine ndinali munthu wa njanji. Mukamandiona lero ndikukwera basi ndi khadi langa la okalamba, kukagula tomato wokutidwa m'pulasitiki, musandiyese munthu wamba. Ndinali gadi wa sitima. Yunifolomu yosita bwino, wezulo pakhosi, mbendera ziwiri m'khwapa, yofiira ndi yobiriwira, ndi nyali yamafuta yonyamula pamanja. Ndikapanda kuimba wezulo, sitima yonse ndi dalaivala wake yemwe inkangoima duu. Tinkanyamuka pa Limbe kutsikira kumunsi, kudutsa pa Luchenza, mpaka ku Nsanje kotentha ngati m'ng'anjo. Mayi anu atamaliza maphunziro a unesi n'kutiitanitsa kuno, ndinamva kuti nyumba ili ku Springburn, ndinavina ndekha pabalaza. Akuluakulu a kuntchito ankatiuza kuti mainjini ena akale a malasha ankapangidwa kumeneku. Ndinati ndikupita kwawo kwa sitima. Ndinafika n'kupeza mafakitale anatseka kalekale, kwatsala maflati ndi mvula.

Koma tibwerere pa Luchenza. Pasiteshoni imeneyo sitima ikaima, amayi ndi atsikana ankathamanga m'mbali mwa mabogi, malichero pamutu, kukuwa kuti nthochi, nthochi, mandasi otentha! Panali mtsikana mmodzi amene sankathamanga. Ankaima pansi pa mtengo wa mango ndi dengu lake, ogula n'kumamutsata okha. Ameneyo ndi Naphiri, agogo anuwa. Ine ndinkagula nthochi kwa iye popita, ndigulenso pobwera. Ndinadya nthochi mpaka anzanga anandipatsa dzina loti Pusi. Usaseke Mayamiko, ndikamva dzinali kutchalitchi ndidziwa kumene lachokera.

Masiku amenewo kunalibe zotumizirana timitima pafoni. Unkapita wekha, m'kamwa muli gwa, n'kukanena mawu ako maso ndi maso. Ndinadikira tsiku limene sitima inaima nthawi yaitali podikira inzake, ndinavula chipewa, n'kunena kuti, "Chemwali, ine ndakufunani banja."

Sanandiyang'ane. Anapitiriza kusanja nthochi zawo, kenako anati, "Mukadzandikweza sitima, ndidzalola."

Ha! Mtima wanga unangoti myaa. Kupempha sitima kwa gadi wa sitima? Ndinati mwana wosaukayu amaona sitima tsiku ndi tsiku koma sanaikwerepo. Loweruka lotsatira ndinawakweza, iwo ndi azakhali awo operekeza, pampando wa khushoni, pafupi ndi windo. Ndinawagulira masikono. Wezulo tsiku limenelo ndinaimba mokweza mpaka mbuzi zinabalalika. Titafika pa Limbe ndinaima patsogolo pawo n'kunena kuti, "Mwaona chemwali, ndakukwezani." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabisa kamwa ndi chitenje n'kuyamba kuseka. Ine kuseka kumeneko ndinakutenga ngati yankho. Ndinatuma amalume anga, ankhoswe anakumana, tambala ndi thadzi zinasinthana manja, abusa anadalitsa. Nkhani ndinaiyesa yatha.

Pobwera kubanja agogo anu anali ndi katundu wochepa, koma panali chitini chimodzi cha mabisiketi. Mukuchidziwa, chili pamwamba pa firiji. Bambo awo anabwera nacho kuchokera ku Joni, ankati anachigula ku Durban kumene anakaona nyanja yamchere. Agogo anu ankasungamo masingano, ulusi, mabatani, makadi a kusikelo a ana. Chitini chimenecho chinayenda nafe nyumba zonse, ku Limbe, ku Balaka, ku Ndirande, mpaka chinakwera ndege, ndipo pabwalo la ndege anachitsekula n'kulanda sizasi. Ine ndachitsekula kosawerengeka pofuna batani la malaya. Chivundikiro ndinkachigwira m'manja chonchi, koma sindinachiyang'anepo.

Tsono tafika kuno, zaka zapita, impso za agogo anu zinatopa. Mukudziwa inu, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu amakakhala pampando uja kuchipatala, makina n'kumasefa magazi. Madzi akumwa amachita kuyeza ndi kakapu. Nthochi adokotala analetsa. Tangoganizani, munthu amene anakula ndi dengu la nthochi pamutu, lero akamadutsa pa shelefu ya nthochi amayang'ana kumbali ngati waona apongozi.

Tsiku lina iwe Tadala unabwera ndi ntchito ya kusukulu. Aphunzitsi anati aliyense alembe mawu khumi a chiyankhulo cha kwawo. Unakhala patebulo apo, agogo ako akusoka diresi lako, ine ndikuwerenga nyuzi. Unafunsa kuti, "Gogo, train pa Chichewa n'chiyani?"

Ndinayankha ndine, monyada, "Sitima."

"Nanga ship?"

"Sitimanso."

Unaseka mpaka pensulo inagwa. Unati, "Nanga munthu akanena, mumadziwa bwanji kuti akunena iti?"

Ndinkati ndikufotokozere kuti pali yapamtunda ndi yapamadzi, koma agogo ako ananditsogolera. Osadzutsa mutu, singano ili m'manja, anati, "Ena sadziwa, mwanawe. Funsa agogo akowo. Zaka makumi anayi ndi kusefukira, mpaka lero sanadziwebe." Atatero anagogoda chivundikiro cha chitini chija ndi chala, go go go.

Ndinayang'ana. Kalanga ine! Pachivundikiropo pali chithunzi, chofufuma ndi ukalamba koma chooneka bwinobwino. Chisitima choyera, machumuni awiri ofiira, timawindo tambirimbiri tondandalikana, chili pakati pa madzi. Thukuta linandituluka m'nyumba yozizira ngati ino. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ine ndinadya phula zaka zonsezi ndikumati uchi.

Iwe utapita kwanu ndinawatsata kukhichini. Ndinati, "A Naphiri, bwanji simunanene?"

Anati, "Ndikananena bwanji, a Mbewe? Munali mutasita yunifolomu, mwagulira azakhali anga masikono, mukuwala ngati mwana woti wakhoza mayeso. Ndinakumverani chisoni."

"Ndiye munakwatiwa nane chifukwa cha chisoni?"

"Ndinakwatiwa chifukwa amalume anu anabwera ndi nkhuku. Koma takumbukirani bwino. Munandimvapo ine ndikukuuzani kuti ndalola?"

"Kutchalitchi munavomera!"

"Amenewo ndinayankha abusa. Inu funso lanu likadali pansi pa mtengo wa mango."

Ananena akuseka, koma ine sindinaseke. Ndikuuzeni zoona ana inu, zinandipweteka. Sabata yonse chakudya chinkangozungulira m'kamwa. Mkazi wandiberekera ana anayi, wandisamala ndikudwala malungo, wanditsata mpaka kudziko la mvula, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene anandipemphapo ine ndinam'patsa china. Komanso ndinkawaona akamabwera kumakina, nkhope yatuwa, akukwera masitepe mopumira. Ndinadziwa kuti ndikazengereza, mawu ajawa sindidzawamva.

Poyamba ndinayesa kuba njira. Ndinawatenga Loweruka lina kupita nawo ku Rothesay, pa chombo chowolotsa anthu chija. Tili pakati pa madzi ndinakonza kukhosi n'kunena kuti, "Mayi, si izi?" Anayang'ana pansi pomwe panaima magalimoto, n'kunena kuti, "A Mbewe, iyi ndi basi ya pamadzi. Taonani, takwera limodzi ndi galimoto ya buledi. Sitima ya pachitini anthu amagonamo." Tinadya tchipisi ku Rothesay, n'kubwerera.

Tsono mvera, Mayamiko, iwe wa nkhani ya Greenock. Ukuganiza kuti sindinapiteko? Ndinapita, ndinaima pampanda n'kumaziona zisitimazo. Koma zimene tinazipeza zonyamuka kufupi kuno zinali za sabata yathunthu, zina masabata awiri. Makina sadikira munthu sabata. Ziliko zina zokhala ndi makina ake momwemo, koma adokotala anapukusa mutu, anati mtima wa agogo anu sufuna manja achilendo. Mpata wathu unali umodzi basi, kuchokera Lachisanu kufika Lolemba. Sitima iliyonse yosakwana mumpata umenewo kwa ife inali chithunzi chabe.

Mayi anu Chisomo atamva anakalipa. Anati, "Adadi, mukufuna kundiphera amayi anga chifukwa cha chitini?" Anayankha ndi agogo anu, anati, "Chisomo, ine makinawa akundisunga kuti ndizitani? Ndizingodikira Lachitatu?" Mayi anu analowa m'bafa, anatuluka maso ali psuu, n'kutsekula kompyuta. Ndi iwowo anapeza sitima yonyamuka Loweruka madzulo ku Southampton, yobwerako Lolemba m'mawa. Anakambirana ndi manesi, anatisunthira Lachisanu kukhala masana, Lolemba kukhala madzulo. Mayi anuwo anatilembera papepala zoti tidye ndi zoti tisadye, n'kundiloza ndi chala ngati ndine mwana wawo.

Loweruka tinalawirira kusiteshoni ya Central. Apa ndiye pali nthabwala ya Mulungu: kuti munthu akakwere sitima yapamadzi, anayenera kukwera kaye zapamtunda. Ya ku London, kenako takisi kudutsa m'chipwirikiti chija, kenako ina ya ku Southampton. Agogo anu atakhala pawindo anati, "Zayambanso sitima zanu zija. Masikono ali kuti?" Ndinali nditagula, musandiyese wogona. Ndinatulutsa m'jumbo, anaseka mpaka mzungu wa mpando wakutsogolo anatembenuka.

Titafika padoko ndinachita mantha. Inu simunawaone maflati ataliatali a ku Sighthill asanawagwetse. Tangoganizani limodzi la amenewo analigoneka chammbali n'kuliika pamadzi. Agogo anu anaima ndi ndodo yawo, anatsekula chikwama, n'kutulutsa chitini. Eee, anachitenga! Anayang'ana chitini, anayang'ana sitima, anayang'ananso chitini. Anati, "Chumuni n'chimodzi. Koma tiyeni, tafika kale."

Mukudziwa kuti ine pakamwa sipakhala chete. M'sitimamo ndinkafunsa aliyense amene ndakhala naye pafupi kuti, nanga inu mwabwereranji ulendo waufupi chonchi? Ndinkayesa kuti openga ndife tokha. Mayi wina anachokera ku Aberdeen, kutali kuposa ife. Amasamala amayi ake amene nzeru zinayamba kuwathawa, ndipo mchemwali wake anavomera kumugwirira masiku atatu okha. Anati sanabwere kudzaona dziko, anabwera kudzagona tulo popanda wina womuitana. Bambo wina wa ku Leeds anabwera kudzayesa mimba yake, chifukwa mkazi wake ankafuna ulendo wa mwezi wathunthu. Ndinamupeza atagwira chitsulo cha m'mphepete, nkhope ngati masamba a mpiru, ndipo ndinaona kuti yankho walipeza. Panalinso gulu la atsikana ovala zipewa zapinki, operekeza mnzawo wokakwatiwa, aphokoso ngati mpheta m'munda wa mapira. Onsewo Lolemba ankayenera kukhala ali kuntchito. Ndinaona kuti m'sitima imeneyo aliyense anali ndi chake chomudikira Lolemba, ena ntchito, ena odwala, ife makina.

Zakudya ndiye musanene. Tebulo kuchoka apa mpaka pamsewu. Ine ndinkayenda ndi pepala la mayi anu ngati wapolisi, ichi ayi, ichi pang'ono. Tinafika pamulu wa nthochi. Agogo anu anaima. Anatola imodzi, anaitembenuza, anainunkhiza, n'kunena kuti, "Anaidula yosakhwima iyi. Pa Luchenza sakanagula munthu." Kenako anandipatsa, "Idyani inu a Pusi." Ndinadya, iwo akundiyang'ana kukamwa. Potuluka anaima pawindo lalikulu, madzi mbali zonse mpaka kumene maso alekezera, n'kunena kuti, "Madzi onsewa, ine wanga ndi kakapu kamodzi." Anagona bwino usiku umenewo kuposa kunyumba, akuti sitima inkawagwedeza ngati mwana kumsana.

Lamulungu m'mawa ndinavala suti yanga ya Mgonero, tayi ndi nsapato zopolisha. Ndinawatengera pamwamba penipeni, pomwe mphepo inkafuna kundilanda chipewa. Dziko silinkaoneka kulikonse. Ndinavula chipewacho ndekha mphepo isanandithandize, ngati pa Luchenza paja, n'kunena kuti, "Chemwali, ndakukwezani sitima. Ine ndakufunani banja."

Anayang'ana madzi. Anakonza duku. Kenako anati, "Ndamva. Ndikaganize kaye."

Asa! Ndinatsala pang'ono kudziponya m'nyanja. Koma ndi mmene ankachitira atsikana olongosoka masiku athu, sankalola tsiku lomwelo ngati zanu zamasiku anozi. Ndinavala chipewa changa, tinakamwa tiyi, iwo theka la kapu.

Lolemba sitima yapamadzi inafika nthawi yake, sinachedwe ndi mphindi yomwe. Ya ku London inayenda bwino. Imene inandichititsa manyazi ndi yanga yomwe, yapamtunda, yobwera kuno. Titadutsa Carlisle inayamba kuchepetsa liwiro, kenako inaima pakati pa minda, nkhosa zikutiyang'ana. Analengeza kuti mphepo yagwetsera mtengo panjanji. Ola linatha. Ola lachiwiri linayamba. Ndinayang'ana mapazi a agogo anu, atupa mpaka zingwe za nsapato zalowa m'thupi. Kupuma kunayamba kufupika, akamayankhula ankaima pakati pa mawu. Foni ikungolira, mayi anu, "Muli pati? Adadi muli pati?"

Ana inu, ine ndakhalapo m'sitima yoima kambirimbiri. Ndinkayenda m'mabogi kuuza anthu kuti dekhani, tinyamuka posachedwa, osadziwa kuti mwina wina mwa iwo ali ndi wodwala. Tsiku limenelo ndinalawa mankhwala anga omwe. Ndinaopa. Ndinati ndamupha mkazi wanga ndi manja anga, chifukwa chofuna kumva mawu amodzi. Ndinanyamuka kukasaka gadi. Ndinapeza ndi mtsikana wamng'ono kuposa mayi anu, tsitsi lofiira. Ndinamuuza kuti, mwananga, ine ndinali gadi ngati iwe, ndikudziwa kuti mtengo sungauchotse ndi wezulo, koma mkazi wanga akuyenera kukhala pamakina madzulo ano. Sanandiuze kuti dekhani. Anabwera kudzawaona yekha, anaimba mafoni ake, n'kutisamutsira kubogi yakutsogolo kufupi ndi chitseko. Agogo anu anandigwira dzanja n'kunena mopumira kuti, "Khalani pansi a Mbewe, mukutsekereza mphepo."

Njanji itatsekuka tinafika pa Central dzuwa litapendeka kale, tachedwa maola awiri ndi theka. Papulatifomu panali munthu akutidikira ndi njinga ya odwala, gadi uja anali atakonza. Mayi anu anali panja ndi galimoto, injini ikulira, osandiyankhula ngakhale moni. Kuchipatala tinapeza anzawo onse a madzulo ali kale pamakina, koma mpando wa agogo anu unali wopanda munthu. Nesi wina wachikulire wa konkuno, amene amawatcha agogo anu kuti hen ngati ndi nkhuku, anati anawasungira ndipo sakanalola wina kukhalapo.

Anawalumikiza. Makina anayamba kulira kalilidwe kake kaja. Ine ndinakhala pakampando kapambali, jekete lili m'manja, sutikesi pakati pa miyendo, osatha kuyang'ana munthu kumaso. Patapita nthawi kupuma kwawo kunayamba kutalika. Maso ali chitsekere, anandiitana.

"A Mbewe."

"Ee, mayi."

"Ndaganiza."

Ndinasendeza kampando kanga pafupi.

"Ndalola."

Ine, gadi wa sitima, munthu woti ndinaika bambo anga m'manda osagwetsa msozi pagulu, ndinalira ngati mwana wotayika pamsika. Nesi uja anathamanga, kuyang'ana makina, kuyang'ana ine, n'kufunsa kuti chachitika n'chiyani, anena kuti chiyani? Ndinapukuta mamina n'kumuuza m'Chingerezi changa kuti ndinawafunsira ndipo andilola. Nesiyo anaomba m'manja, anauza anzake, odwala a mipando yapafupi nawo n'kuyamba kuombera ndi dzanja limodzi pantchafu, poti linalo linali ndi mapaipi. Kenako nesiyo anawerama n'kufunsa kuti ukwati udzakhala liti, agule chipewa.

Tamverani, bedi lalira m'chipindamo, adzuka. Tadala, kawathirire madzi m'kakapu kawo kaja, ulekezere pamzere. Iwe Mayamiko, Lamulungu likubwerali ukawauze anzako aja nkhani yonse, usakadule. Ukawauzenso zimene agogo ako anayankha nesi uja, pakuti anatsekula diso limodzi n'kundikoka malaya.

"Muuzeni kuti ukwati unachitika kalekale. Inachedwa ndi sitima."